AMAI RUTH KHAMA: MTENGWA AMENE SANABWERERE KWAO



Nkhani ya lero ndi ya maliro. Pa 22 May 2002, mu mzinda wa Gaborone, umene uli likulu la dziko la Botswana, munamwalira amai okalamba a zaka 78, Amai Ruth Khama, amene a Boma ndi olemba nyuzi anali kuwachula Lady Khama. Nthenda imene inawatenga ndi khansa ya pakhosi. Amai amenewa sanabadwire m'Botswana iai, kapena kwina kuli konse mu Afrika muno. Anali Mngelezi wa ku London. Koma mbiri ya imfa yao itamveka, eni dziko analira monga alira anthu amene ataya mai wowabala. Mtembo wao sunakwezedwe m'ndege kupita ku Ulaya, koma unanyamulidwa ulendo wa mailosi pafupi-fupi 200 kunka ku Serowe, kukagona pa phiri la miyala pamene pagona mafumu a pfuko la Bamangwato.

Omvera ambiri adziwa kuti pakati pa Acewa mwamuna ndiye acoka kwao kukakhala kwa mkazi, nachedwa mkamwini. Koma ulipo ukwati wina, wa citengwa, pamene mkazi atengedwa kukakhala ku mudzi wa mwamuna wace. Moyo wa mtengwa ngwodziwika. Maso a mudzi wonse ali pa iye, kuona kaphikidwe kace, kayendedwe kace ndi kayankhidwe kace; ndipo mwamuna akafa, kawiri-kawiri amsudzula kuti abwerere kwao, popeza cimene cinamdzetsa catha. Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Amai Khama anali mtengwa wocokera kutsidya la nyanja ya mcere, ndipo amuna ao atamwalira m'caka ca 1980 iwo anakhalabe zaka 22 pa mudzi womwewo. Tsono cherani khutu, mumve cimene cinasandutsa mlendo ameneyu kukhala mwini mudzi.

UBWANA NDI NKHONDO

Ruth Williams anabadwa pa 9 December 1923 ku mbali ya kum'mwera kwa mzinda wa London. Atate ao, a George Williams, anayamba agwira usilikari ku India, ndipo pambuyo pace analowa nchito ya malonda a tiyi. Linali banja wamba, losalemera ndiponso losasauka, lopemphera mu mpingo wa Anglican, lokhala ndi ana akazi awiri, Muriel wamkulu ndi Ruth wamng'ono. Ruth anaphunzira pa sukulu ya Eltham Hill.

Nkhondo yaikulu yaciwiri inayamba mu 1939, mtsikanayo ali ndi zaka 15, ndipo iye anaona ndi maso ace mzinda wa kwao ulikuphwanyidwa ndi mabomba. Atasinkhuka analembetsa m'gulu la akazi othandiza asilikari a ndege, lochedwa WAAF, napatsidwa nchito yoyendetsa ambulansi pa mabwalo a ndege a kum'mwera kwa England. Nchito imeneyi siinali ya masewera. Ndege zobwera ku nkhondo zitalasidwa zinali kutera mwangozi, zina zirikuyaka moto, ndipo woyendetsa ambulansi anayenera kuthamangira komweko kumene munthu ali yense akadafuna kuthawako, kuti akanyamule obvulala. Pa mabwalo amenewo mtsikanayo anazolowera zinthu ziwiri zimene sizinamcoke moyo wace wonse: kusacita mantha, ndi kufulumira kunka kumene kuli munthu wobvutika.

Nkhondo itatha analowa ukalaliki pa kampani ya inshuwalansi ya Cuthbert Heath, mu London momwemo. Anali mtsikana wansangala, wokonda kubvina, kukwera pa kavalo ndi kumvera nyimbo za jazz.

UKWATI UMENE UNAKANIDWA

Seretse Khama anabadwira ku Serowe pa 1 July 1921. Anali mdzukulu wa Khama III, mfumu ija imene mu 1895 inapita ku England pamodzi ndi mafumu anzace awiri, Sebele ndi Bathoen, kukapempha kuti dziko lao lisaperekedwe m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes. Atate ace, a Sekgoma II, anamwalira mu 1925 mwanayo ali ndi zaka 4 zokha. Kotero atate ace aang'ono, a Tshekedi Khama, anagwirizira ufumu, namlera monga mwana wao, namtumiza ku masukulu a ku South Africa, kenaka ku Oxford, ndi potsiriza ku London kukaphunzira malamulo.

M'mwezi wa June 1947 Muriel, amene anali kuthandiza nchito za London Missionary Society, anatenga mng'ono wace kunka naye ku phwando limene a mishoni anakonzera ophunzira ocokera m'maiko a kutali. Kumeneko ndiko Ruth ndi Seretse anaonana. Nyimbo za jazz, zimene onse awiri anazikonda, ndizo zinayambitsa maceza ao, ndipo patapita caka anapangana za ukwati.

Mbiriyo itamveka, mabvuto anabuka ku mbali zonse. A Williams anakana kwa mtu wa galu, nauza mwana wao acoke pakhomo. Nchito ya ukalaliki inatha. A Tshekedi anatumiza mau ku London kuti ukwati uletsedwe, ndipo a mishoni anayesetsa kuwathandiza. Bishopu wa London, William Wand, sanalole kuti ukwatiwo udalitsidwe m'chalichi. Cifukwa cace pa 29 September 1948 awiriwo anakwatirana ku ofesi ya Boma ya ku Kensington, pamaso pa mboni zowerengeka, mkwati ali ndi zaka 27 ndi mkwatibwi zaka 24.

Nkoyenera kumvetsa bwino mlandu wa a Tshekedi, pakuti sanali munthu wopanda nzeru. Kwa Bamangwato mkazi wa mfumu sali wa mfumu yokha. Ndiye mai wa pfuko lonse, amene adzabala mfumu ya mawa, ndipo asankhidwa akulu atakhala pansi. Seretse anakwatira osafunsa. Motero mlandu unapita ku kgotla, ndilo bwalo lalikulu la pfuko, kumene anthu alankhula poyera pamaso pa mfumu. Misonkhano iwiri yoyamba, wa mu November ndi wa mu December 1948, siinaulandire ukwatiwo. Koma pa msonkhano wacitatu, mu June 1949, anthu atakambirana masiku angapo, Seretse anapempha kuti amene akana mkazi wace aimirire, ndipo anaimirira owerengeka okha. Pamene anapempha amene amlandira iye pamodzi ndi mkazi wace, anaimirira anthu zikwi-zikwi, napfuula "Pula!", ndiko kunena mvula, mau amene Atswana adalitsa nao cinthu cimene acibvomera. A Tshekedi anasamuka m'Serowe pamodzi ndi owatsata.

Mu August 1949 Amai Khama anafika ku citengwa cao. Serowe unali mudzi waukulu kwambiri wa nyumba za udzu, pa dziko louma la m'mphepete mwa cipululu ca Kalahari, kumene madzi ndi cinthu ca mtengo wapatali. Azungu ambiri a kumeneko, a Boma ndi amalonda omwe, anawasala. Olemba nyuzi a m'maiko osiyana-siyana anali kuwalondola pali ponse. Koma akazi a m'mudzimo anadza kudzawalonjera ndi nyimbo ndi mphatso, monga alonjera mkazi wa mfumu.

MABOMA ATATU PA BANJA LIMODZI

Pfuko linali litabvomera, koma nkhani siinathere pomwepo, cifukwa dziko la Bechuanaland, monga linali kuchedwa masiku amenewo, linali pansi pa Boma la Britain, ndipo linazingidwa ndi maiko olamulidwa ndi Azungu.

Ku South Africa, mu 1948, cipani ca National Party cotsogozedwa ndi D. F. Malan cinatenga Boma, niciyamba kukhazikitsa malamulo a tsankho ochedwa apartheid. Mu 1949 cinapanga lamulo loletsa ukwati pakati pa Mzungu ndi munthu wa mtundu wina. Kwa a Malan cinali cinthu cosapiririka kuti kutsidya kwa malire ao kukhale mfumu yakuda yokhala ndi mkazi woyera. Analetsa awiriwo kuponda m'dziko lao, ndipo ici cinali cobvuta ndithu popeza maofesi akulu a Boma la Bechuanaland anali ku Mafeking, m'kati mwa South Africa. Nduna Yaikulu ya Southern Rhodesia, Godfrey Huggins, nayonso inadandaula ku London.

Boma la Britain linali litasauka ndi nkhondo. Linali kufuna golidi wa ku South Africa, ndi mwala wa uranium umene apangira mabomba a atomu. Linaopanso kuti South Africa akakwiya angameze maiko atatu aang'ono a Bechuanaland, Basutoland ndi Swaziland, amene anali kuwakhumbira kuyambira kale. Motero linatuma woweruza, Sir Walter Harragin, kukafufuza ngati Seretse ayenera ufumu. Woweruzayo anapeza kuti munthuyo mwini alibe cirema ciri conse comletsa kulamulira, koma kuti ukwati wace ukwiyitsa maiko oyandikana nao. Boma linabisa lipotilo zaka 30.

Mu February 1950 Boma linaitana Seretse ndi mkazi wace kuti apite ku London kukakambirana. Apa ndipo panaoneka nzeru ndi kulimba mtima kwa Amai Khama. Anazindikira kuti akacoka onse awiri, mwina sadzaloledwa kubwerera, ndipo anatsala okha m'Serowe, ali ndi pakati, pakati pa anthu amene cinenero cao sanali kucimva. Cimene anaopaco cinacitikadi. Mu March nduna ya Boma, Patrick Gordon Walker, inalengeza kuti Seretse acotsedwa m'dziko lace zaka 5. Mwana wao woyamba, Jacqueline, anabadwira m'Serowe mu May 1950. Atate ace analoledwa kubwera kwa kanthawi kocepa, ndipo mu August banja lonse linakwezedwa m'ndege kunka ku England. Mu 1952 Boma latsopano la Winston Churchill, limene anthu ace anadzudzula ciweruzo cimeneci asanalowe m'Boma, linacionjezera ndi kunena kuti Seretse sadzakhala mfumu mpaka kale-kale.

Motero zinthu zinatembenuka: mwana wa mfumu anasanduka mkamwini kwao kwa mkazi wace, mosafuna iye mwini. Koma a Bamangwato sanagonje. Boma linawauza kawiri-kawiri kuti asankhe mfumu yina, iwo nakana. Ambiri analeka kukhoma msonkho. Mu June 1952 kunabuka cipolowe ku kgotla ya ku Serowe, ndipo apolisi atatu anaphedwa. Pfuko linasankha kukhala lopanda mfumu koposa kutaya mfumu yao ndi mtengwa amene linamlandira pa bwalo. Ngongole imeneyi Amai Khama sanaiiwale.

Ku England kunabadwa mwana wao waciwiri, Ian, pa 27 February 1953. M'zaka zomwezo a Williams anafewa mtima, nayanjananso ndi mwana wao. Mu 1956 a Seretse ndi a Tshekedi anagwirizana, nalemba kalata kuti onse awiri ausiya ufumu, ndipo Boma linalola a Seretse kubwerera monga munthu wamba. Anafika kwao mu October, amai ndi ana nawatsata pambuyo. Pamene mapasa anabadwa mu 1958, mmodzi anachedwa Anthony ndi mnzace Tshekedi, dzina la munthu yemwe uja anakana ukwati wa makolo ao. A Tshekedi anamwalira mu 1959 udani utatha.

NCHITO YA PAKATI PA ANTHU

Anthu ambiri a kunja adziwa nkhaniyi kulekeza pamenepa. Ngakhale kanema wochedwa A United Kingdom, amene anaturuka mu 2016, asimba makamaka za zaka za mkanganozo. Koma pamene Amai Khama anabwerera ku Serowe anali ndi zaka 32 zokha, ndipo zaka zoposa 45 zinali zikali kutsogolo. Misozi imene inagwa mu 2002 siinagwe cifukwa ca phokoso la ukwati wao iai, pakuti ambiri a olirawo anali asanabadwe pamene phokosolo linamveka. Inagwa cifukwa ca zimene anacita phokoso litatha.

A Seretse, atasiya ufumu wa pfuko limodzi, anapatsidwa utsogoleri wa dziko lonse. Mu 1962 anakhala mtsogoleri wa cipani catsopano ca Bechuanaland Democratic Party, cimene pa cisankho ca mu March 1965 cinapata mipando 28 mwa mipando 31, ndipo cinalamulira dzikolo kufikira caka ca 2024. Mu 1965 momwemo likulu linasamuka ku Mafeking kudza ku Gaborone, mzinda umene unamangidwa mofulumira pa thengo, pafupi ndi njanje ndi mudzi wa Tlokweng. Pa 30 September 1966 dziko linalandira ufulu wa kudzilamulira, nilichedwa Botswana, Sir Seretse Khama nakhala Pulezidenti wace woyamba.

Dziko limene analandiralo linali limodzi la maiko osaukitsitsa pa dziko lonse lapansi. Miseu ya tala siinakwane mailosi 10. Anthu ophunzira kufikira ku yunivesite anali ongowerengeka. Cilala ca zaka zingapo cinali citapha ng'ombe zambiri-mbiri, ndipo anthu oculuka anali kudya cakudya ca cithandizo. Miyala ya dayamondi, imene pambuyo pace inalemeretsa dzikolo, inapezeka ku Orapa mu 1967, koma panapita zaka ndalama zace zisanafike kwa anthu. Boma losauka lotere silikadatha kufika pa khomo liri lonse, ndipo m'malo amene Boma linalephera kufikamo ndimo Amai Khama anagwira nchito yao.

Anali mmodzi wa oyambitsa bungwe la akazi la Botswana Council of Women mu 1965, naliongolera. Nthambi za bungwe limeneli zinafalikira m'midzi, kuphunzitsa akazi kusoka, kuphika zakudya zolimbitsa ana ndi kusamala nyumba, ndiponso kutsegula masukulu a ana aang'ono kuti amai apeze mpata wa kugwira nchito. Munthu angayese zimenezi zazing'ono, koma m'dziko limene amuna ambiri anali ku migodi ya ku Joni, akazi ndiwo anasenza midzi, ndipo mabungwe otere ndiwo anali masukulu oyamba kumene akazi anaphunzira kucititsa msonkhano, kusunga ndalama za gulu ndi kulankhula pamaso pa anthu.

Nchito imene anadziwika nayo koposa ndi ya Red Cross. Bungwe limeneli linayambira ku Geneva mu 1863, kutsata maganizo a Henri Dunant, amene anaona asilikari obvulala atasiyidwa opanda wowathandiza pa nkhondo ya ku Solferino. Lamulo lace lalikulu ndilo lakuti wobvutika athandizidwe osafunsa mtundu wace, mpingo wace kapena mbali imene ali. M'Botswana linayamba monga nthambi ya Red Cross ya ku Britain, ndipo mu 1968 Nyumba ya Malamulo inalikhazikitsa kukhala bungwe la dzikolo pa lokha. Amai Khama anakhala Pulezidenti wace zaka zambiri. Bungwelo linaphunzitsa anthu cithandizo coyamba ca obvulala, linagawa zofunda ndi zakudya pa nthawi ya cilala ndi ya madzi osefukira, ndipo linatsegula malo ophunzitsirako anthu olumala, monga Tlamelong ku Tlokweng. Mtsikana uja wa ambulansi anali atabwerera ku nchito yace yoyamba. Anathandizanso gulu la atsikana la Girl Guides, ndi nchito ya midzi ya ana amasiye ya SOS, imene omvera a ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu ndi ku Lusaka aidziwa, kumene ana opanda makolo aleredwa m'nyumba monga banja, nyumba iri yonse ndi mai wace.

Panalinso nchito yina ya m'nyumba imene siinalembedwe pa cikwangwani ciri conse. Kuyambira caka ca 1960 a Seretse anali kudwala nthenda ya shuga, ndipo thupi lao silinali lolimba. Akazi ao ndiwo anali kuyang'anira cakudya cao ndi mpumulo wao, nayenda nao maulendo a Boma. Zaka zimenezo zinali zoopsa. Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inali kuyaka kutsidya kwa malire, ndipo anthu zikwi anathawira m'Botswana, kotero kuti mu 1978 kunatsegulidwa msasa wa othawa nkhondo ku Dukwi. M'caka comweco asilikari 15 a Botswana anaphedwa ku Lesoma ndi asilikari a Rhodesia. Khomo lokha la Botswana loturukira ku dziko la Afrika laufulu linali pa dooko la Kazungula pa mtsinje wa Zambezi, moyang'anana ndi Zambia, pamene mu 2021 panatsegulidwa mlatho waukulu. Pa 1 April 1980 a Seretse anakhala pa mpando wa msonkhano wa ku Lusaka umene unabala bungwe la SADCC, limene lero lichedwa SADC, ndipo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe anali m'gulu la maiko 9 oliyambitsa. Motero omvera a m'maiko atatuwa ali nalo gawo pa maliro ano.

Pa maliro sanamizira wakufa. Amai Khama sanasanduke Mtswana pa zonse. Citswana sanacidziwe bwino kufikira imfa yao, makhalidwe ao ambiri anakhalabe a Cingelezi, ndipo anali munthu wosabisa mau, amene akaona cinthu colakwika anali kucinena pomwepo. Eni dziko anazidziwa zonsezi, koma anawalandirabe, pakuti cimene mudzi uyang'ana mwa mtengwa, zaka zikapita, si lilime lace koma mapazi ace: ngati afika pa matenda, pa maliro ndi pa nchito ya onse.

ZAKA ZA UMASIYE

Pakati pa caka ca 1980 a Seretse anapita ku London kukaonana ndi madokotala, amene anapeza khansa ya kapamba imene siikadathekanso kucizidwa. Anabwerera kudzafera kwao, namwalira m'Gaborone pa 13 July 1980, ali ndi zaka 59, ataona Zimbabwe alikulandira ufulu miyezi itatu m'mbuyomo. Anaikidwa ku Serowe, ndipo a Quett Masire analowa m'malo mwao.

Ambiri anayesa kuti tsopano mai wamasiyeyo adzamanga katundu wace ndi kubwerera ku England. Amai Khama anali ndi zaka 56, ana anali atakula, ndipo palibe akadawadzudzula. Koma iwo anaturuka m'nyumba ya Boma nakakhala pa famu yao kunja kwa Gaborone, pa malo ochedwa Ruretse, dzina lolumikiza maina awiri, Ruth ndi Seretse. Ndipo a Bamangwato sanawasudzule. Mwana wao Ian anali atalongedwa ufumu wa pfukolo mu 1979, kotero anthu anali kuwachula Mohumagadi Mma Kgosi, ndiko kunena mfumukazi, mai wa mfumu.

Anapitirizabe nchito ya Red Cross ndi ya ana amasiye, tsopano opanda ulemerero wa kukhala mkazi wa Pulezidenti. Ndipo kufunika kwa nchitoyo kunakula, pakuti m'zaka za m'ma 1990 nthenda ya Edzi inakantha Botswana koposa pafupi-fupi dziko lina liri lonse. Pofika caka ca 2001, mwa amai apakati atatu ali onse oyezedwa m'zipatala, mmodzi anali kupezeka ndi kacirombo, ndipo ana amasiye anaculuka m'midzi yonse. Boma la Pulezidenti Festus Mogae linayamba kugawa mankhwala otalikitsa moyo kwaulere mu 2002, caka comwe Amai Khama anamwalira. Koma tsokalo pofika linapeza mabungwe othandiza anthu alipo kale, okhala ndi anthu ozolowera nchito, cifukwa ena anawabzala ndi kuwathirira pa nthawi imene kunalibe amene anadziwa cimene cirinkudza. Akulu anati kupatsa ndi kuika.

Amai Khama anasiya ana anai ndi adzukulu. Ian, amene pa nthawi ya imfa yao anali waciwiri kwa Pulezidenti, anadzakhala Pulezidenti wa Botswana kuyambira 2008 kufikira 2018. Bungwe la Lady Khama Charitable Trust linakhazikitsidwa m'dzina lao kuti lithandize akazi ndi ana obvutika.

CIMENE MALIRO AWA APHUNZITSA

M'midzi ndi m'matauni a Malawi, Zambia ndi Zimbabwe muli atengwa ndi akamwini osawerengeka. Muli ana a machona amene anabadwira ku Harare, ku Bulawayo ndi ku migodi ya Copperbelt, amene kufikira lero ena awayesa alendo m'dziko limene anabadwiramo. Mulinso akazi amasiye amene, mwamuna atangoikidwa, alandidwa nyumba, munda ndi ziwiya, napitikitsidwa pamodzi ndi ana, ngakhale Zambia anapanga lamulo loteteza amasiye mu 1989 ndi Malawi mu 2011. Kwa onse amenewa mbiri ya Amai Khama iri ndi mau.

Kwa mlendo inena kuti umwini wa mudzi sugulidwa ndi ukwati wokha, koma ndi zaka za kusenza katundu wa mudziwo pamodzi ndi eni ace. Kwa eni mudzi inena kuti a Bamangwato ndiwo anayamba: anaimirira pa bwalo kulandira mkazi amene anali asanamuone, namkhalira kumbuyo pamene maboma atatu anamkana, ndipo mwamuna wace atafa sanamuonetse njira. Akadampitikitsa mu 1949, kapena mu 1980, akadadzimana okha zonse zimene iye anadzawacitira. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko kameta okhawo amene amlola kukhala pansi.

Mbendera ya Botswana iri ndi mtundu wa thambo, wokumbutsa mvula, ndipo pakati pace padutsa mzere wakuda wokhala ndi mizere iwiri yoyera m'mbali mwace, kutanthauza anthu akuda ndi oyera okhala pamodzi mu mtendere. Pa phiri la ku Serowe, pafupi ndi manda a Khama III, pagona Seretse Khama ndi Ruth mkazi wace, moyang'ana kgotla imene inaweruza mlandu wao.

Mzimu wa Amai Ruth Khama uuse mu mtendere.